Wodwala wakumudzi akafika mochedwa kuchipatala, wamuchedwetsa ndani?

Wodwala wochokera kutali akamwalira atangofika pachipatala, mawu amene amamveka kawirikawiri ndi akuti, "Mwabwera naye mochedwa." Nthawi zambiri mawuwa amakhala oona. Mwana wa chibayo uja akanafika dzana akanachira, mayi uja akanafika magazi asanamuthere akanapulumuka. Koma mawu omwewa amasenzetsa banja mlandu wonse, ngati kuti njira yachidule inalipo, iwo n'kungosankha kuzengereza. Chimene sichifunsidwa n'chakuti, kuchokera pamene wodwalayo anagona kunyumba kukafika pabedi la m'chipatala, n'chiyani chinadya nthawi yonseyo, ndipo anakonza ndani kuti zinthu zikhale choncho.

Akatswiri a zaumoyo akamanena za zopinga zozikika m'kayendetsedwe ka dziko amatanthauza zimenezi. Sanena za namwino mmodzi wamwano, kapena bambo mmodzi wouma mutu amene wakaniza mkazi wake kupita kusikelo, ngakhale kuti anthu otere alipo. Amanena za zinthu zimene zingakhalebe pomwepo ngakhale aliyense atakhala wamtima wabwino: pamene msewu wa phula unathera, kumene sukulu za udokotala zinamangidwa, njira imene boma limagawira ndalama, komanso anthu amene amalowa m'kaundula ndi amene amaiwalika. Chilungamo pa zaumoyo sichitanthauza kuti anthu onse azikhala ndi thanzi lofanana. Nkhalamba idzadwaladwala kuposa mnyamata, ndipo palibe boma limene lingasinthe zimenezo. Chilungamo chimasowa pamene ana awiri agwidwa ndi matenda amodzi, ochizika ndi mankhwala otsika mtengo, wina n'kuchira wina n'kufa, kusiyana kwawo kungokhala malo amene anabadwira.

Kusiyanaku kunayezedwa, ndipo n'kwakukulu. Mu 2015 bungwe la ILO, loona za ntchito padziko lonse, linatulutsa lipoti lokhudza mayiko 174. Linapeza kuti anthu 56 mwa 100 alionse okhala kumidzi alibe mwayi wotsimikizika wa chithandizo chamankhwala, pamene m'matauni otsalira otere ndi 22 mwa 100. Ku Africa, akumidzi otsalira anafika 83 mwa 100. Wina angaganize kuti limeneli ndi vuto la mayiko osauka okha, koma ayi. Ku United States, kumene amawononga ndalama zambiri pa zaumoyo kuposa dziko lina lililonse, zipatala zakumidzi zoposa 100 zatsekedwa kapena zasiya kugoneka odwala chiyambire 2010, ndipo pofika 2014 maboma ang'onoang'ono akumidzi oposa theka analibe chipatala choti amayi n'kukachirirako.

Dokotala wina wa ku Wales, Julian Tudor Hart, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Glyncorrwg, mudzi wa anthu okumba malasha, analemba m'magazini ya The Lancet mu 1971 kuti chithandizo chabwino chimachepa kumene chikufunika kwambiri n'kuchuluka kumene chikufunika pang'ono. Anawonjezera kuti zimenezi zimanyanya pamene zaumoyo zasiyidwa m'manja mwa amalonda. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Chipatala chofuna phindu chimamangidwa pamene pali anthu ambiri andalama okhala moyandikana. Kumidzi anthu ndi omwazikana, ambiri amagwira ndalama pokhapokha akakolola, ndipo pafupifupi anthu 8 mwa 10 alionse amene ali pa umphawi wadzaoneni padziko lapansi amakhala komweko. Wamalonda alibe chokatengako. Boma likapanda kupitako mwadala, palibe amene amapita.

Kuti tione mmene zopingazi zimagwera pa munthu mmodzi, pali kafotokozedwe kamene Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine anatulutsa mu 1994 atafufuza imfa za amayi oyembekezera. Iwo anati kuchedwa kuli pamitundu itatu: kuchedwa kugamula zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kuthandizidwa munthu atafika kale.

Tiyerekeze kuti mayi wachira usiku kunyumba. Mwana wabadwa bwinobwino, akulira, koma magazi sakusiya. Kutaya magazi kotereku kungaphe mayi wathanzi m'maola awiri okha, ndipo ndiko kumatsogolera pa zinthu zopha amayi pobereka padziko lonse. Amayi amene ali naye asintha nsalu yoyamba, asintha yachiwiri, akuti mwina aleka. Wina wathamanga kukadzutsa munthu amene amasunga ndalama pabanjapo. Kenako ayamba kusaka chonyamulira, kaya njinga, kaya ngolo, kaya machira. Ngati kwagwa mvula, mtsinje wadzaza ndipo mlatho palibe. Afika pachipatala chaching'ono, apeza mzamba ali yekha, wagwira ntchito usana wonse, waluma foni pakamwa kuti tochi iziunika manja onse awiri ali pantchito. Mankhwala a oxytocin, amene amathandiza chiberekero kubwerera kuti magazi aleke, amafuna kusungidwa pozizira. Akakhalitsa m'chipinda chotentha chopanda firiji yodalirika amatha mphamvu, moti jakisoni amabayidwa koma osagwira. Magazi omuwonjezera palibe, opaleshoni sangachitire pamenepo. Mzamba alemba kalata yomutumiza kuchipatala chachikulu, aimbira ambulansi, koma ambulansi imodzi yomweyo yapita kwina, kapena yaima chifukwa chosowa mafuta.

M'nkhani yonseyi palibe amene anachita ulesi. Aliyense anachita zimene akanatha, koma maola awiri aja anatha kalekale. Ndipo si nkhani ya mudzi umodzi. Kafukufuku wa mapu amene anatuluka mu 2020 m'magazini ya Nature Medicine anaonetsa kuti anthu pafupifupi 646 miliyoni sangafike pachipatala chilichonse pa ola limodzi ngakhale atakwera galimoto, ndipo kwa oyenda pansi chiwerengerocho chimapitirira 3 biliyoni. Lipoti la 2023 la bungwe la WHO, loona za umoyo padziko lonse, ndi mabungwe anzake linati anthu pafupifupi 1 biliyoni amadalira zipatala zopanda magetsi kapena za magetsi ozimazima. Popanda magetsi makina a okosijeni sayenda, katemera woyenera kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8 amaonongeka, zipangizo za opaleshoni sizingatsukidwe moyenera. Izitu sizili m'manja mwa unduna wa zaumoyo wokha. Msewu ndi wa unduna wina, magetsi ali ndi eni ake, madzi nawo ali kwina, ndipo aliyense mwa amenewa amayambira kumene kuli anthu ambiri chifukwa ndiko ndalama zimabwerera msanga. Mudzi umene ulibe msewu ndi womwewonso ulibe magetsi, netiweki ya foni ndi madzi aukhondo. Zosowazi zimaunjikana pa anthu omwewomwewo.

Chimene ndimaona kuti ambiri sachimvetsa n'chakuti kuchedwa kwachitatu ndiko kumabala koyamba. Banja limene linanyamulapo wodwala, kuwononga ndalama zonse zimene linali nazo, kukapeza pawindo la mankhwala akuti atha, mukagule kwina, silidzathamanganso ulendo wotsatira. Lidzayamba ladikira, lidzayesa zapafupi, lidzagula mapiritsi angapo kwa aliyense wogulitsa. Umenewu si umbuli. Ndi anthu amene anaphunzira kuchokera pa zimene zinawachitikira, ndipo akuwerengera bwino lomwe kuti ulendo ungawadyere zingati, n'kuwabwezera chiyani. N'chifukwa chake misonkhano yongolimbikitsa anthu kuti azipita msanga kuchipatala siipita patali ngati kuchipatalako sikunasinthe. Gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Margaret Kruk linaulula mu 2018 kuti m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, anthu pafupifupi 8.6 miliyoni amafa chaka chilichonse ndi matenda oti chipatala chikanawachiza. Mwa amenewa, pafupifupi 5 miliyoni anafika kuchipatala koma analandira chithandizo chosakwanira, ndipo amene sanapite n'komwe anali 3.6 miliyoni. Ofa atafika ndi ochuluka kuposa ofa osafika.

Palinso matenda amene amanyalanyazidwa chifukwa cha anthu amene amawadwala. Njoka zimapha anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 chaka chilichonse, ndipo ena ochuluka zimawasiya olumala. Olumidwa ambiri ndi alimi, oweta ziweto ndi ana, anthu oyenda m'minda ndi m'tchire. Mankhwala a ululu wa njoka anatulukira kale m'zaka za m'ma 1890, koma ndi okwera mtengo, ogula ake ndi osauka, moti mu 2014 kampani ina yaikulu inasiya kupanga mankhwala amene anali odalirika kwambiri pa njoka za ku Africa. WHO inaika kulumidwa ndi njoka pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa ofunika chidwi chachikulu mu 2017, patapita zaka zoposa 100 mankhwala ake alipo.

Nkhani ya ndalama imafunika kuimvetsa modekha, chifukwa mawu akuti chithandizo chaulere amabisa zambiri. Ngakhale pamene chipatala sichilipiritsa kalikonse, wakumudzi amalipira. Amalipira ulendo wopita ndi wobwerera, kawirikawiri wa anthu awiri popeza wodwala sayenda yekha. Womudikirira amafunika chakudya masiku onse amene wodwala wagonekedwa. Kumudzi ntchito yaima, ndipo matenda akagwa nthawi yodzala kapena yopalira, banjalo lidzamva ululu wake chaka chonse. Wolembedwa ntchito m'tauni akhoza kupempha tchuthi cha matenda malipiro ake osadulidwa, koma mlimi alibe wokamupempha. Kwa odwala matenda okhalitsa monga shuga, kuthamanga kwa magazi, khunyu kapena HIV, ulendowu ndi wa mwezi ndi mwezi, moyo wonse. Munthu akadumphitsa mwezi umodzi amalembedwa kuti wathawa mankhwala, pamene chimene chamuthawitsa ndi mtunda.

Ndipo pamwamba pa zonsezi, kwa zaka zambiri mayiko osauka ankalipiritsanso pakhomo. Mu September 1978, nthumwi za mayiko 134 zinakumana ku Alma-Ata, mzinda umene lero umatchedwa Almaty ku Kazakhstan, n'kugwirizana kuti pofika chaka cha 2000 munthu aliyense akhale ndi chithandizo choyambirira pafupi ndi kwawo. Lonjezoli silinakhalitse. M'zaka za m'ma 1980 mayiko ambiri anamira m'ngongole, ndipo mabungwe obwereketsa ndalama, IMF ndi World Bank, anawauza kuti achepetse zimene boma limawononga. Mu 1987 World Bank inalimbikitsa kuti odwala azilipira m'zipatala za boma, ndipo chaka chomwecho ndondomeko imene nduna za zaumoyo za mu Africa zinagwirizana ku Bamako, m'dziko la Mali, inatsegula njira yoti anthu azigula mankhwala pazipatala zazing'ono kuti ndalamazo ziziyendetsa zipatalazo. Ndalama zimene zinatoleredwa zinali zochepa poyerekeza ndi zimene zaumoyo zimafuna, koma osauka ambiri anasiya kubwera. Uganda itachotsa malipirowa mu 2001, odwala anakhamukira kuzipatala, makamaka osauka, kuonetsa kuti sikuti ankadana ndi chipatala ayi, ankangolephera kulipira. Burundi inachitanso chimodzimodzi mu 2006 kwa ana aang'ono ndi amayi ochira, Sierra Leone mu 2010. Phunziro lina lowawa linatuluka pomwepo: malipiro akachotsedwa boma osawonjezera ndalama zake, mankhwala amatha m'mashelefu, anamwino amapanikizika, ndipo wodwala amakagulabe kunja.

Tsopano za anthu ogwira ntchito, chifukwa nyumba yopakidwa penti yopanda namwino si chipatala. WHO inanena mu 2010 kuti ngakhale pafupifupi theka la anthu padziko lapansi linkakhala kumidzi, kumeneko kunali anamwino 38 okha mwa 100 alionse, ndipo madokotala sankafika n'komwe gawo limodzi mwa magawo anayi. N'chapafupi kuwanena kuti ndi okonda tauni, koma tiyeni tikhale m'malo mwawo. Namwino wotumizidwa kutali amapeza nyumba yodontha, mwina palibe n'komwe. Sukulu yabwino ya ana ake palibe, mwamuna kapena mkazi wake ntchito sangaipeze. Ali yekha pantchito, ndiye kuti usiku uliwonse ndi wake, tchuthi sangapite chifukwa palibe womulowa m'malo. Maphunziro owonjezera ndi kukwezedwa zimayamba kugwera amene ali pafupi ndi likulu, amene mabwana amawaona nkhope. Choposa zonse, amaona anthu akufa m'manja mwake ndi matenda amene anaphunzira kuchiza, chifukwa chosowa chogwiritsa ntchito. Munthu wamtima amatopa nazo zimenezi. Akachoka amapita m'tauni, wa m'tauni amapita kunja, ndipo dziko losauka limakhala laphunzitsira lolemera. Mgwirizano wa WHO wa 2010 wokhudza kulemba ntchito azaumoyo ochokera kumayiko ena unafuna kuchepetsa zimenezi, koma sukakamiza dziko lililonse.

Muzu wa vutoli uli patali, kusukulu. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana wakhala akusonyeza chinthu chimodzi mobwerezabwereza: wophunzira amene anakulira kumudzi ndi amene kawirikawiri amabwerera kukagwira ntchito kumudzi. Koma sukulu za udokotala zimasankha potengera magiredi a sayansi, ndipo magiredi apamwambawo amachokera kusukulu za labotale, mabuku ndi aphunzitsi okwanira, zimene zili m'matauni. Mwana wanzeru wakumudzi amatsalira asanayambe n'komwe mpikisano. Amene asankhidwa amaphunzira zaka zonse m'chipatala chachikulu chokhala ndi makina ndi akatswiri pa nthambi iliyonse, kenako timadabwa akamaopa kukakhala okha kumene kulibe ngakhale makina a X-ray. Ku Canada anatsegula sukulu ya udokotala ya Northern Ontario mu 2005 ndi cholinga chothetsa zimenezi, yosankha ophunzira ambiri kuchokera m'madera akutaliwo n'kumawaphunzitsira komweko. Mozambique inatenga njira ina. Madokotala ambiri atachoka dzikolo litalandira ufulu, inayamba mu 1984 kuphunzitsa azaumoyo amene si madokotala kuchita opaleshoni. Amenewa ndiwo akhala akuchita maopaleshoni ambiri a amayi m'zipatala za maboma, ndipo kafukufuku anapeza kuti patapita zaka 7 ambiri a iwo anali akadali komweko pamene madokotala anali atachoka.

Pansi penipeni pa onsewa pali alangizi a zaumoyo a m'midzi, amene amayenda khomo ndi khomo, kuyeza malungo, kulondola amayi oyembekezera, kukumbutsa za katemera. Ethiopia inayamba ndondomeko yake mu 2003, kuphunzitsa amayi achitsikana kwa chaka chimodzi n'kuwatumiza awiriawiri kumidzi yawo ali pa malipiro a boma, ndipo m'zaka zochepa anapitirira 30,000. Brazil, kuyambira 1994, inakhazikitsa magulu a dokotala, namwino ndi alangizi olipidwa, gulu lililonse ndi mabanja ake odziwika, ndipo imfa za makanda zinatsika kumene magulu amenewa anafika. Koma m'mayiko ambiri alangiziwa amatchedwa ongodzipereka. Ambiri ndi amayi osauka, amasenza ntchito ya boma osalandira kanthu kapena kulandira zochepa zosadziwika tsiku. Sindiona chilungamo pamenepa. Palibe amene angauze dokotala wa m'tauni kuti azigwira ntchito mongodzipereka, nanga bwanji ntchito yothandiza osauka ikhale yoti osauka anzawo aziigwira ulele? WHO yomwe inanena mu 2018 kuti alangiziwa azilipidwa molingana ndi ntchito yawo.

Zonsezi zimabwerera ku bajeti. Kuthandiza munthu mmodzi kumudzi kumadya ndalama zambiri kuposa m'tauni, palibe chobisa: galimoto yonyamula mankhwala imayenda mtunda wautali, chipatala chimathandiza anthu ochepa koma chimafunabe mzamba usana ndi usiku. Choncho kugawa ndalama mofanana pa munthu aliyense kumaoneka kwachilungamo papepala, koma kumasiya akumidzi m'mbuyo. Choipa kwambiri ndi kugawa potengera zimene dera linalandira chaka chatha, kapena kuchuluka kwa mabedi ndi odwala amene anabwera, chifukwa amene anali nazo kale amangowonjezeredwa. Zipatala zikuluzikulu za m'mizinda zimatenga gawo lalikulu, ndipo m'pomveka, poti ndizo zimaonekera. Mankhwala akatha pachipatala cha mumzinda waukulu, mawa lake nkhani ili pawailesi ndi m'nyuzipepala. Akatha miyezi itatu pachipatala chaching'ono chakutali, amadziwa ndi okhawo amene abwezedwa. Atsogoleri a mayiko a mu Africa analonjeza ku Abuja mu April 2001 kuti azipereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, koma ndi mayiko owerengeka okha amene anafikapo pamlingowu, ndipo lonjezolo silinanene za mmene ndalamazo zigawidwire m'kati mwa dziko.

Ndalama za mabungwe akunja zapulumutsa miyoyo yochuluka zedi, makamaka chiyambire Global Fund, thumba lolimbana ndi Edzi, TB ndi malungo, mu 2002 ndi PEPFAR, ndondomeko ya boma la United States yolimbana ndi Edzi, mu 2003, ndipo sitingazinyoze. Koma zambiri zimabwera zitamangidwa pa nthenda imodzi. Zotsatira zake n'zakuti pachipatala chimodzi chomwecho mankhwala a HIV amapezeka osadukiza pamene a kuthamanga kwa magazi kulibe, ngakhale kuti wodwala amene akufuna onse awiri ndi munthu mmodzi. Ndipo wopereka akasintha maganizo, malo oyamba kutsekedwa amakhala akutali, okwera mtengo kuwafikira.

Pali chopinga china chimene sichioneka ndi maso, ndicho kusawerengedwa. Malipoti a zaumoyo amachokera m'makaundula a zipatala, ndiye kuti amanena za anthu amene anafika. Wofera kunyumba kapena panjira salowamo. WHO inanena mu 2021 kuti imfa 4 mwa 10 zilizonse padziko lapansi sizilembedwa, ndipo m'chigawo cha Africa imfa imodzi yokha mwa 10 ndiyo imalembedwa. Dera limene anthu ake sangathe kufika kuchipatala limaoneka pamapepala ngati la anthu athanzi, odwala ochepa, ofuna mankhwala ochepa. Chaka chamawa limapatsidwanso zochepa. Nazo ziwerengero za dziko lonse zimaphimba zambiri, chifukwa m'mizinda zinthu zikayenda bwino, chiwerengero chimakwera ngakhale kumidzi kusanasunthe kanthu.

Tisaiwalenso kuti m'mudzi momwemo anthu sali chimodzimodzi. Mayi amene alibe ndalama yakeyake amadikira chilolezo. Wolumala miyendo sangayende mtunda umene ena amauona waufupi. Nkhalamba yotsala yokha ana atapita kutauni ilibe woiperekeza. Anthu a zilankhulo zazing'ono, kaya ndi eni nthaka a kumapiri a ku Peru ndi Guatemala kaya a ku Australia, amafika kuchipatala n'kupeza wowathandiza samva chinenero chawo, nthawi zina amawanyoza kumene. Munthu wonyozedwa kamodzi pa nthawi yobereka amauza mudzi wonse.

Masiku ano ambiri akuika chiyembekezo pa luso lamakono, ndipo lina likuthandizadi. Ku Rwanda, kuyambira 2016, tindege topanda woyendetsa ta kampani ya Zipline takhala tikunyamula magazi kupita kuzipatala zakumapiri m'mphindi zochepa. Magetsi a dzuwa ayatsa mafiriji kumene mawaya sanafike. Namwino akhoza kutumiza chithunzi pafoni kwa katswiri amene ali kutali. Koma magaziwo amafuna munthu wodziwa kuwaika m'thupi, ndipo mayi wofunika opaleshoni sangachitidwe pafoni. Kuonana ndi dokotala pa intaneti kumayamba kuthandiza amene ali ndi foni yabwino, netiweki, ndalama ya bandulo komanso wodziwa kuwerenga, omwe ndi anthu amene anali patsogolo kale. Ndimada nkhawa ndikamva luso likutchulidwa ngati cholowa m'malo mwa msewu ndi mzamba.

Ngati wina akukayikabe kuti zonsezi zimachokera ku zosankha za anthu osati ku mapiri ndi mitsinje, aone zimene zinachitika ku China. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 dzikolo, lili losauka kwambiri, linaphunzitsa alimi oposa miliyoni imodzi kupereka chithandizo choyambirira m'midzi yawo, amene ankatchedwa madokotala osavala nsapato, ndipo midzi pafupifupi 9 mwa 10 inali ndi thumba lothandizana pa matenda. Ulimi wa pamodzi utathetsedwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, matumba aja anagwa pafupifupi onse, alimi anayamba kulipira okha, ndipo matenda anasanduka chimodzi mwa zifukwa zazikulu zogwetsera mabanja mu umphawi, pa nthawi yomwe chuma cha dzikolo chinkakwera mofulumira. Boma linayambanso inshuwalansi yakumidzi mu 2003. Mapiri anali omwewo pa nthawi zonse zitatuzi.

Thailand ndiyo imaonetsa bwino mtengo umene dziko limalipira likafunadi kusintha. Kuyambira chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, madokotala ongomaliza maphunziro ankayenera kugwira ntchito ya boma zaka zitatu, ambiri kumidzi, ndipo boma linawonjezera ndalama zapadera, nyumba ndi mwayi wa maphunziro kwa okhala kutali. Madokotala akumidziwo anapanga bungwe lawo, ndipo ena a iwo pambuyo pake anakwera mpaka kukakhala m'maudindo a unduna akudziwa bwino za kumene anachokera. M'zaka za m'ma 1980, chuma chili chovuta, boma linaimitsa kwa zaka zingapo ntchito zomanga ndi kukulitsa zipatala za m'mizinda, n'kutembenuzira ndalamazo ku zipatala za maboma ndi zazing'ono. Sichinali chosankha chokoma kwa aliyense. Anthu a m'mizinda, omwe mawu awo amamveka msanga, anadikira, ndipo zipatala zotchuka zinakhala osawonjezeredwa nyumba. Koma pamene dzikolo linakhazikitsa chithandizo cha anthu onse mu 2002, pafupifupi boma lililonse linali kale ndi chipatala chake chokhala ndi dokotala, ndipo mlimi wolandira khadi la inshuwalansi anali ndi kolipititsa pafupi ndi kwawo.